ZA MBEWA ZA M'CHIPULULU, KUSWANA KWAO NDI KUCHEPA KWAO

Palibe mwa inu amene sadziwa mbewa. Anyamata azikumba m'minda chimanga chitachoka, amai adandaula nazo zikalowa m'nkhokwe, ndipo akulu adziwa kuti zaka sizilingana: chaka china mbewa zingoti mbwee, chaka china mwana azungulira ndi khasu kuyambira m'mawa nabwerako madzulo ndi ziwiri zokha. Kodi chozichulukitsa nchiani, ndipo chozichepetsa nchiani? Anthu ophunzira za nyama adapita nalo funso limeneli ku chipululu, pakuti kumeneko mvula njosowa, zomera nzowerengeka, ndipo chochitika chilichonse chioneka poyera ngati mapazi a nkhuku pabwalo losesa. Mwezi uno tikusimbirani zimene adapeza kumeneko.

Mbewa yodumpha

Ku America, kumwera chakumadzulo kwa United States ndi kumpoto kwa Mexico, kuli zipululu zitatu zotentha, maina ao Mojave, Sonora ndi Chihuahua. Ku Lilongwe mvula ya chaka chimodzi ipitirira mamilimita 800; m'madera ambiri a Mojave sifika ndi pa 150 pomwe, ndipo pali zaka zina zimene idumphiratu. Nthaka yake ndi mchenga ndi miyala, zomera zake ndi zitsamba zazifupi zoima patalipatali.

M'menemo mukhala kanyama kamene olankhula Chingerezi akatcha kangaroo rat, chifukwa kayenda modumpha ndi miyendo yam'mbuyo yokha. Si khoswe ai, ndipo chibale chake ndi mbewa zathu nchapatali. Koma ife pano tikatcha mbewa yodumpha. Mitundu yake ilipo ngati 20. Wofala kwambiri m'zipululu zimenezi ndi umene udatchedwa dzina la Merriam, wolemera magalamu ngati 40, monga dzira la nkhuku yachikuda. Mutu wake ngwaukulu, maso ngakuda, mchira utalika koposa thupi. M'masaya ili ndi matumba awiri otutira njere. Bwampini wathu naye ali ndi matumba otere, koma ake ali m'kamwa. A mbewa yodumpha atsegukira kunja, ndipo m'kati mwake muli ubweya, kotero kuti njere zifika kuuna zosanyowa ndi malovu. Musaiwale za malovuzi, pakuti moyo wonse wa kanyamaka ndiwo kusunga madzi.

Mbewa imeneyi ikhoza kubadwa, kukula ndi kufa yosamwapo madzi. Amene adalondola chinsinsi chake ndi Knut Schmidt-Nielsen wa ku Norway ndi mkazi wake Bodil wa ku Denmark, amene adagwira nchito ku Arizona kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Adaziweta mbewazo nazipatsa njere zouma za balere zokhazokha, osazipatsa dontho la madzi, ndipo sizidaonde. Madzi zidawatenga kuti? Chakudya chikalowa m'thupi chipsa pang'onopang'ono ndi mpweya umene tipuma, ndipo popsapo chitulutsa madzi. Zitero m'thupi mwa munthu, zitero m'thupi mwa ng'ombe. Magalamu 100 a balere atulutsa madzi magalamu ngati 54. Kwa ife madzi otere sakwanira konse, popeza titaya ochuluka m'thukuta, m'mkodzo ndi m'mpweya. Koma mbewa yodumpha itseka njira zonsezi. Situluka thukuta. Impso zake zifinya mkodzo mpaka ukhala wamchere katatu kapena kanai koposa umene impso za munthu zingathe kupanga. Adaiyesa ndi madzi a m'nyanja yamchere, amene apha munthu waludzu, ndipo idamwa nikhala moyo. M'mphuno mwake muli tinjira topapatiza tozizira, ndipo mpweya wofunda wochokera m'mapapo usiya chinyezi chake m'menemo usanatuluke, monga mame agwa pa udzu m'mamawa. Usana wonse ibisala pansi itatseka khomo la una ndi dothi, ituluka usiku wokha.

Mimba idikira msipu

Tsono kusunga kotereku kukwanira thupi limodzi. Kuti mbewa yaikazi itenge bere, niswe, niyamwitse, pafunika madzi ena apadera, pakuti mkaka sungachokere m'njere zouma zokha. Apa ndipo pagona nkhani yathu.

Mai wina wophunzira za zomera, Janice Beatley, adakhala zaka zambiri akuyesa mvula ndi kuwerenga zomera ku Nevada, m'dera lomwelo limene boma la United States lidayeseramo mabomba a atomu kuyambira 1951. Iye adaona kuti njere za timaudzu ndi timaluwa ta m'chipululu zigona m'nthaka zosamera, chinkana kugwe timvula towaza. Zimera pokhapokha itagwa mvula imodzi yamphamvu, ya mamilimita 25 kapena kuposa, ndiyo inchi imodzi, pakati pa kumapeto kwa Sepitembala ndi Disembala, pamene kwao kuyamba kuzizira. Ikagwa yotere, pofika Malichi ndi Epulo chipululu chibiriwira. Mu 1969 iye adalemba kuti mbewa zitsata msipu umenewu: chaka cha msipu ziswana, chaka chopanda msipu ziswana pang'ono kapena osaswana konse. Ena pambuyo pake adayang'ana m'mimba mwa mbewa zogwidwa, napeza kuti nyengo ya bere ndi yoyamwitsa ndiyo imene masamba aawisi achuluka m'zakudya zao.

Taonani kukoma kwake kwa dongosolo limeneli. Msipu umene upatsa mai madzi a mkaka ndi womwewo umene udzabala njere patapita masabata angapo. Ana akamaleka kuyamwa, njere zatsopano zili mbwee pansi. Mbewa imene ikadaswa chaka chouma ikadataya mphamvu yake pa ana osakhalitsa, mwinanso nkufa nao limodzi. Imene idikira ikhala ndi moyo kufikira chaka chinacho.

Ndiponso msipu si chakudya chokha ai, uli ngati mthenga. Mu 1981 Patricia Berger ndi Norman Negus a ku University of Utah, pamodzi ndi anzao, adapeza m'nsonga za udzu wongophuka kumene mankhwala ena amene adzutsa ziwalo zoberekera. Adawathira pa chakudya cha mbewa zakuthengo m'nyengo yozizira, nyengo yosaswana, ndipo zambiri zidatenga bere. Mbewa zimenezo zinali za m'madambo, osati za m'chipululu. Koma mankhwala omwewo apezekanso m'tirigu ndi m'chimanga chongomera.

Pano tipatuke pang'ono, pakuti nkhaniyi ikhudza kapuku wathu. Ku Morogoro m'dziko la Tanzania, kumene mvula igwa nyengo ziwiri pachaka, Herwig Leirs wa ku Belgium ndi anzake a ku Sokoine University adawerenga akapuku kuyambira zaka za m'ma 1980. Adapeza kuti mvula yaifupi ya kumapeto kwa chaka ikachuluka, udzu uphuka msanga, akapuku aang'ono akhwima msanga naswana nyengo yao isanafike, ndipo pofika nthawi yobzala chimanga achuluka kotero kuti afukula mbeu m'mapando usiku womwewo. Kapuku ali ndi mawere ochuluka koposa mbewa zina, ndipo aswa ana 10 kapena 12 nthawi imodzi. Kwathu mvula ndi ya nyengo imodzi, kotero chiwerengero cha miyezi sichingafanane. Koma kapuku ndi yemweyo, ndipo chomdzutsa ndi chomwecho. Adaonanso kuti akapuku akapanikizana pamalo amodzi kuchuluka kwao kuyamba kubwerera m'mbuyo kokha. Akulu athu adanena kale kuti mbewa zikachuluka siziika masa.

Mbewa yodumpha siili ngati kapuku. Bere lake ndi la mwezi umodzi, ana ndi awiri kapena atatu. Chaka chabwino iswa kawiri kapena katatu, ndipo ana aakazi obadwa oyamba akhoza kuswa chaka chomwecho. Umo ndimo ichulukira. Koma pali mbale wake wina wa ku Owens Valley ku California amene adapeza njira yakeyake. Kumeneko kumera chitsamba cha masamba aawisi chaka chonse, koma amchere kunja kwake kotero kuti nyama zambiri siziwafuna. G. J. Kenagy adaona mu 1972 kuti mbewa imeneyi ili ndi mano am'munsi aphanthiphanthi ngati sompho. Ikwera m'chitsambacho, ithyola tsamba, ipala khungu lamcherelo, nidya zam'kati zamadzi. Popeza ndiwo zake sizisowa, iyo iswa chaka ndi chaka pa nyengo yake, kamodzi kokha, pamene mnzake wa Merriam wokhala naye pamalo omwewo atsata mvula, chaka china kangapo, chaka china ai. Palinso timbewa tina tating'onoting'ono, tolemera magalamu osafika 10, timene kukazizira ndi kusowa chakudya tigona tulo takufa pansi miyezi yambiri, thupi litazizira, todzuka mwa kamodzikamodzi kudya njere zosunga.

Nyumba ndi adani

Mvula ndiyo itsegula khomo la kuswana. Koma obadwa onse sakula.

Mtundu waukulu wa mbewa zodumpha, wolemera katatu koposa wa Merriam, wa nsonga yoyera kumchira, umanga chulu chotambalala mikono ingapo, cha makomo ambiri ndi zipinda zosungiramo njere. Charles Vorhies ndi Walter Taylor adakumba zulu zimenezi ku Arizona nalemba mu 1922 kuti m'chulu chimodzi adapezamo chakudya choposa makilogalamu 5. Nkhokwe yotere ya kanyama kokwana m'dzanja! Chulu chilichonse chili ndi mwini mmodzi yekha. Usiku mwiniyo apondaponda pansi ndi phazi lam'mbuyo mofulumira, ngati kang'oma, ndipo aliyense ali ndi kaimbidwe kake. Oyandikana nao adziwana ndi kulira kwa phazi, ndipo mlendo akamva adziwa kuti pano pali mwini.

Kumanga chulu chatsopano ndi nchito ya miyezi yambiri, ndipo mwana wopanda chulu sakhalitsa. Chifukwa chake ana achedwa kuchoka kwa amai ao. Ena alowa m'chulu chimene mwini wake adafa. Ena asiyiridwa cha mai wao, maiyo nasamukira china. Motero chinkana chaka chikome bwanji, chiwerengero cha nyumba ndicho chiika malire. Amene asowa pokhala ndiwo agwa m'kamwa mwa adani.

Adaniwo ndi kadzidzi, nkhandwe za kumeneko, ndi njoka yaululu yokhala ndi maseche kumchira. Mbewa yodumpha ili ndi zipinda zazikulu za mpweya m'fupa la kuseri kwa makutu, ndicho chifukwa chake mutu ukula. Ndi zimenezi imva kuphupha kwa mapiko a kadzidzi ndi kukhwekhwereza kwa njoka pamene ifuna kujompha, nidumpha m'mwamba mdani asanafike. Douglas Webster adayesa zimenezi m'zaka za m'ma 1960: mbewa zimene adazichepetsera zipindazo zidagwidwa mosabvuta. Mwezi ukawala mbewa zichepetsa maulendo ao nizikhala pafupi ndi zitsamba. Mwa ichi tiona kuti mdani achepetsa mbewa pawiri: adya zina, ndipo zotsalazo mantha aziletsa kututa mokwanira.

Mipanda ya ku Portal

Mu 1977 James H. Brown ndi anzake adayamba nchito imene ipitirirabe mpaka lero, pafupi ndi kamudzi ka Portal ku Arizona, m'chipululu cha Chihuahua. Adatchinga malo 24 ndi waya wa maso aang'ono, malo alionse mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. M'mipanda ina adaboola timakomo tatikulu, kuti mbewa zonse zilowe. M'mipanda ina timakomo tinali tating'ono, ndipo mbewa yodumpha, ndi mutu wake waukulu uja, sinathe kupita, koma timbewa tating'ono tinkalowa ndi kutuluka. M'mipanda ina mudalibe khomo konse. Mwezi ndi mwezi, mwezi uli kumdima, atchera misampha 49 m'mpanda uliwonse, misampha yogwira zamoyo; m'mawa ayesa mbewa iliyonse pa sikelo, aona ngati ili ndi bere kapena iyamwitsa, aiika chizindikiro, naitaya pomwe adaigwira.

Choyamba chimene adaona nchakuti kumene adachotsa mbewa zodumpha, timbewa tating'ono todya njere tidachuluka. Ndiye kuti chotichepetsa kale sichinali chilala chokha, koma mnansi wamkulu wotha njere ndi kutipirikitsa. Chachiwiri chidatenga nthawi. Patapita zaka 12 mipanda yopanda mbewa zodumpha idaoneka ngakhale uli patali, pakuti udzu wautali udachulukamo katatu. Mbewazo pakudya njere zikuluzikulu ndi pakufukula nthaka zinkasunga chipululu chili chipululu. Ndipo kuyambira cha m'ma 1995 mudafika mtundu wina wa mbewa ya matumba, wotchedwa dzina la Bailey, umene kale sunkaoneka pamalopo. Udakhazikika makamaka m'mipanda yopanda eni ija, nudya pafupifupi zonse zimene mbewa zodumpha zikadadya. Padapita zaka pafupifupi makumi awiri malowo ali opanda wolowa m'malo. Munthu amene akadatseka buku lake patatha zaka zisanu akadapita kwao ndi nkhani yosatha.

Koma chimene tiyesa chachikulu m'nchito imeneyi ndi ichi, kuti mvula yambiri si mbewa zambiri nthawi zonse. Walira mvula walira matope. Mu 1983, kumayambiriro kwa Okutobala, namondwe wotchedwa Octave adagwetsa mvula ya masiku angapo pa Arizona. Pambuyo pake mbewa zazikulu za zulu zija zidachepa koopsa ku Portal. Anthu a nchitoyo aganiza kuti madzi adalowa m'zipinda, njere zosunga nkunyowa, nkumera kapena kuchita nkhungu. Sizidabwererenso pa chiwerengero chao chakale, ndipo m'zaka za m'ma 1990 zidasowa pamalopo. Aliyense amene adaonapo nkhokwe yodontha adziwa tanthauzo lake. Tsononso mu Ogasiti 1999 kudagwa chimvula cha kanthawi kochepa, madzi nasefukira pachigwa chonse. Mbewa zodumpha, zimene zidziwa kukhala zaka popanda kumwa, sizidziwa kusambira bwino kapena kukwera m'mitengo, ndipo zambiri zidamira. Mbewa za matumba zidapulumuka zochuluka, nizitenga malo, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake ndizo zidali eni dziko. Tsiku limodzi lidasintha zimene zidakhazikika zaka makumi awiri.

Chaka cha 1993

Wina angafunse kuti, nanga kuwerenga mbewa m'chipululu kupindulira yani? Yankho lidadza ndi maliro.

Ambiri a inu mukumbukira chilala cha 1992. Chilala chimenecho chidayenderana ndi kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene akutcha El Niño. Koma El Niño yemweyo amene aumitsa kwathu agwetsa mvula kumwera chakumadzulo kwa United States. Kumeneko, patatha zaka zouma, kudagwa mvula ndi chipale chambiri mu 1991 ndi 1992. Udzu udakula, tizilombo tidachuluka, ndipo mitengo ya paini yaifupi ya kumeneko idabala mtedza wake kwambiri. Kuli kambewa kena ka mimba yoyera ndi makutu aakulu, kotchedwa deer mouse, kamene kakonda kulowa m'nyumba ndi m'zisakasa. Iko sikachedwa ngati mbewa yodumpha: bere lake ndi la masabata atatu ndi masiku pang'ono, ndipo chakudya chikakhalapo kaswa kangapo motsatizana.

Mu Meyi 1993, m'dera limene zikomana zigawo zinai za Arizona, New Mexico, Colorado ndi Utah, kwao kwa anthu a mtundu wa Navajo, anyamata ndi atsikana amphamvu adayamba kufa ndi nthenda yosadziwika. Munthu ayamba ndi malungo ndi kuphwanya kwa thupi, patapita masiku ochepa mapapo adzaza madzi, nalephera kupuma. Mwa odwala a chaka chimenecho oposa theka adamwalira. Madokotala adapeza msanga kuti ndi kachilombo ka mtundu wa hantavirus, ndipo pambuyo pake adakatcha Sin Nombre, ndiko kunena m'Chisipanishi kuti kopanda dzina. Kakhala m'thupi mwa kambewa kaja osakadwalitsa, katuluka m'mkodzo, m'ndowe ndi m'malovu ake; zimenezi zikauma, munthu wosesa m'nyumba yotsekedwa apumira fumbi lake.

Nanga bwanji chaka chimenecho osati china? Ku Sevilleta m'chigawo cha New Mexico kudali anthu owerenga mbewa monga a ku Portal, ndipo Robert Parmenter adatsegula mabuku ao naonetsa kuti pakati pa 1992 ndi 1993 timbewato tidachuluka kakhumi. Akulu a mtundu wa Navajo nao adali ndi mau ao. Iwo adati nthenda yotere idaonekanso mu 1918, mu 1933 ndi mu 1934, ndipo zaka zonsezo zidali za mvula yambiri, mtedza wa paini wambiri ndi mbewa zambiri. Mwambo wao udali kale woti mbewa isaloledwe m'nyumba, ndipo chobvala chimene mbewa yayendapo chitenthedwe. Mabuku a ophunzira ndi chikumbukiro cha akulu zidakomana pamodzi. Kuchokera pamenepo a zaumoyo kumeneko ayang'ana mvula ya chaka chino kuti achenjeze anthu za chaka chamawa, ndipo aphunzitsa kuti nyumba imene idakhala yotseka iyambe yatsegulidwa ipite mphepo, ndi kuti zitosi za mbewa azinyowetse ndi mankhwala asanazichotse, osazisesa zouma. Kachilombo kameneka nka ku America. Koma langizo la kusesalo silingapweteke munthu kulikonse.

Ku Australia

Kumene kuchuluka ndi kutha kwa mbewa kuoneka koopsa koposa ndi pakati pa Australia. Kumeneko mvula ilibe nyengo yodalirika. Zipita zaka zisanu kapena khumi zouma, kenaka chaka chimodzi mitsinje youma idzaza nisefukira m'zigwa. Chris Dickman wa ku University of Sydney ndi anzake akhala akutchera misampha m'chipululu cha Simpson, pakati pa mitumbira yaitali ya mchenga wofiira, kuyambira 1990. M'zaka zouma atchera usiku ndi usiku osagwira kanthu, munthu nkuyesa kuti mbewa zidatha. Koma itagwa mvula yaikulu, monga ya 1991, ya 2000 ndi ya 2010 mpaka 2011, papita miyezi ingapo kuti udzu ubale njere, ndipo pamenepo misampha idzaza. Kumenekonso kuli mbewa yodumpha yakeyake, yosabadwirana ndi ya ku America chinkana zifanana maonekedwe. Impso zake zifinya mkodzo koposanso, ndipo mai woyamwitsa anyambita mkodzo wa ana ake, nabweza m'thupi mwake ena mwa madzi amene adataya m'mkaka.

Wotchuka koposa ndi khoswe wa ubweya wautali. Iye alibe luso losunga madzi. Afuna msipu wauwisi kapena madzi akumwa. Chifukwa chake m'zaka zouma atsala ochepa okha m'malo a chinyezi, m'mbali mwa zithaphwi zosaphwa ndi m'ming'alu ya dothi lakuda. Mvula ikadza, wamkazi aswa ana mpaka 12, patapita masabata atatu aswanso, ndipo anawo ayamba kuswa miyezi itatu isanakwane. Tawerengani nokha pa zala za manja: mibadwo itatu isanathe, khoswe mmodzi wasanduka mudzi. Pamenepo afalikira mitunda mazanamazana, aloweratu m'misasa ya oweta ng'ombe, nadya zikopa, zishalo ndi chilichonse chosiyidwa pansi. Mu 2011 adafika mpaka m'tauni ya Alice Springs.

Pambuyo pa makoswe padza odya makoswe. Pali kabawi wina woyera ndi wotuwa, wokhala ndi mzere wakuda kunsi kwa mapiko wonga chilembo M. Mosiyana ndi akabawi anzake iye asaka usiku ngati kadzidzi, pakuti chakudya chake chenicheni ndi khoswe ameneyu. Makoswe akachuluka akabawiwa amanga zisa zambiri pamodzi m'mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, naswa motsatizana osapuma. Padzanso amphaka olowerera ndi nkhandwe zofiira, nyama zimene Azungu adabwera nazo m'dzikomo. Izo zichuluka mochedwerapo, ndipo zifika pachimake pamene njere zayamba kutha. Udzu wautali umene mvula idameretsa uuma, mphezi iutentha, monga kudachitikira m'chipululu cha Simpson mu 2001 ndi 2002, ndipo mbewa zotsala zikhala pambalambanda, mphaka alikuziona. Njala, moto ndi adani zigwera pamodzi, ndipo m'miyezi yowerengeka misampha ikhalanso yopanda kanthu.

Kale, amphaka ndi nkhandwe zisanafike, mbewa zochepa zotsala m'malo obisika zinkakwanira kudzutsanso mtundu mvula ikabwera. Lero adani atsopanowa azilondola ndi kumalo obisikawo, ndipo mitundu ingapo ya mbewa zodumpha za ku Australia idatheratu chifikire Azungu. Ina idziwika ndi zikopa zochepa zokha zosungidwa m'nyumba zoonetseramo zakale. Akabawi aja nao, makoswe akatha, abalalika kufuna chakudya. Mu 1976 ndi 1977 adaoneka mpaka m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa dzikolo, kutali ndi kwao, ndipo ambiri adafera komweko ndi njala.